Mikono Iwiri

Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala pakhomo la minibasi,
theka la thupi m'kati, theka kunja,
kukuwa Limbe! Limbe! mpaka mawu kusasa,
chenji nditaipanira pakati pa zala,
mvula ya ku Ndirande ikundimenya khutu limodzi.

Tsiku lina tikudikira anthu awiri omaliza,
ndinayang'ana nkhongo ya a Nampuluma
ndi kuyesa ndi maso:
kuchoka pamene ndimapachika thako
kufika pa chiwongolero
ndi mikono iwiri yokha.

Madzulo ndinalemba kuseri kwa kalendala ya chaka chatha:
Pofika Okutobala ndikhale ndi laisensi.
Manyazi anandigwira ngati ndalembera kalata mkazi wa mwini.
Ndinaipachikanso, mawuwo atayang'ana khoma.

Ndinaboola chitini cha mkaka.
Faifi handiredi tsiku lililonse.
Ndiye kuti tchipisi cha pachiwaya ndinkangochinunkhiza,
ndiye kuti Loweruka anzanga akamalowa kwa mayi Filesi
ine ndinkanamizira m'mimba.
Anandipatsa dzina pa siteji: Dalaivala wa M'maloto.
Ndinkayankha. Dzina ukalikana limakula.

Okutobala anafika, nadutsa osandipatsa moni.
Malume anatisiya ku Thekerani, chitini chinagula bokosi.
Ndinafufuta, ndinalemba Epulo.
Febuluwale mvula inanyambita khoma la kuchipinda,
chitini chinagula njerwa.
Ndipo kamodzi, ndinene zoona,
palibe anamwalira, palibe chinagwa:
ndinachitumbula ndekha ndi mpeni
kukabetcha mpira,
timu ija n'kugonja wosewera m'modzi atagona pagolo.
Sabata yonse ndinkalowa m'nyumba chafutambuyo
kuopa kalendala.

Mlongo wanga Esinala ndiye anagula chitini china.
Sananene kanthu. Anangochiika pamkeka.
Usiku ankakhala pa ndowa, buku la zikwangwani pamwendo,
kundifunsa ngati wapolisi:
Ichi cha makona atatu chikuti chiyani?
Ndikalakwa ankaseka mpaka kandulo kuvina.

Masana ndinkaba ndi maso.
Phazi la a Nampuluma pa kilatchi,
mmene amalowera pa raundabauti ya Chichiri
ngati munthu wolowa m'nyumba ya apongozi,
mmene amaleza pa Maselema ana a sukulu akamadutsa.
Ndinkasintha magiya m'mutu,
mpaka tsiku lina ndinaiwala kulipiritsa mzere wonse wakumbuyo.

Mayeso oyamba anandigwetsa pachitunda.
Injini inathima, galimoto inabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono
ngati nayo ikundidziwa kumene ndimakhala.
Woyesa analemba osandiyang'ana.
Ndinayenda wapansi kuchoka ku Ginnery mpaka kwathu,
kubisala minibasi yathu ikamadutsa.

Kuseri kwa kalendala kuja tsopano kuli miyezi isanu yofufutidwa.
Wachisanu ndi chimodzi sindinaufufute.

Kakhadi kake n'kochepa, kopepuka kuposa mtengo wake.
Pachithunzi ndikuoneka ngati wogwidwa ndi mbuzi yakuba.
Esinala anakagwira ndi manja awiri
nati, Kodi n'kameneka basi?

Galimoto yangayanga ndilibe.
Lolemba mpaka Loweruka ndikadali pakhomo,
khutu lomwe lija, mvula yomwe ija.
Koma Lamulungu a Nampuluma amapita kutchalitchi
n'kundisiyira makiyi pansi pa mpando.
Ndimadzuka nkhungu isanachoke paphiri,
ndimapukuta galasi ndi malaya anga,
ndipo manja amanjenjemerabe pang'ono pa giya yoyamba.

Pakhomo pamaima mnyamata wina, Yotamu,
mawu ake akadali osalala.
Dzulo pagalasi ndinamupeza
akuyang'ana nkhongo yanga.
Sindinamufunse.
Pa Chinseu ndinalowetsa giya mosafulumira
kuti aone bwino phazi.

Kalendala ija yayamba kudyedwa ndi chiswe m'mbali,
koma pansi patsala malo a mzere umodzi.
Ndalembapo kale.
Ngakhale Esinala sindinamuuze.