Mabotolo Makumi Anayi

Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo,
andibweretsera mabotolo makumi anayi
a ana a sitandade folo ku Chembe.
Khumi ndi asanu ndi awiri ndi ofiira
ngati madzi otsukira nyama.
La Twaibu Imedi ndalidziwa ndisanawerenge dzina:
mu Epulo ndinam'mwetsa ndekha mapiritsi
atakwinya nkhope ngati walawa ndulu.

Ndiika dontho pagalasi, nditsinzina diso limodzi.
Si awo mazira,
lililonse ndi kaminga kake kumchira,
ali phee, ngati sakudziwapo kanthu.
Ndiwerenga, ndilemba, ndiwerenganso.

Koma masamu awa sanayambire
m'chikhodzodzo cha mwana.

Bambo anga, Che Mdoka, anali ndi khoka
la maso olowa zala zitatu.
Chambo chitayamba kusowa
anasokerera neti ya udzudzu kuthumba kwake,
khoka n'kusanduka tsache.
Linkasesa zonse: kambuzi, tiana ta chambo,
udzu wapansi pamadzi ndi mizu yomwe,
ndi mbaba zija za madontho m'nthiti,
za mphero pakhosi,
zimene ukazitumbula
unkapeza zigoba za nkhono zokhazokha.
Mayi ankati zimathira mchenga m'msuzi.
Palibe anafunsa kuti mphero zikatha
adzapera nkhono ndani.

Fizi yanga inatuluka m'thumba la khoka lomwelo.
Yunifolomu, nsapato, ngakhale diso ili
laphunzira kuona zosaoneka.

Nkhono sinapangane ndi munthu.
Inangoona kuti mlonda sanabwere ku ntchito,
mawa lakenso osabwera,
ndiye inatuluka m'bango ndi ana ake
n'kudzaza mchenga pamene amayi amatsukira mbale.
Kachilombo kanapeza nyumba zosalipira lendi.
Kamagona m'nkhono, masana n'kutuluka,
nthawi yomwe belu la sukulu limamasula miyendo
ya ana makumi anayi kuthamangira m'madzi.

Nkhwazi nayo yasiya ulemu,
ikulanda usipa pathandala ngati khwangwala.
Katumbu sindinamuone chimwalirire bambo.
Ukasolola ulusi umodzi pa ukonde
mfundo ya kutali ndi imene imayamba kulira.

Pawindo paima Abiti Saizi, mayi a Twaibu,
chitenje chili chonyowa mpaka m'mawondo.
"Adokotala, kodi mankhwala aja anali osukuluka?"
Ayi mayi, anagwira ntchito.
Anapha za m'mimba.
Za m'nyanja sanazione.
"Ndiye tisiye kusamba? Tizichapa kuti?"

Ndayang'ana m'kabati:
thonje, magolovesi, mapiritsi a malungo,
botolo la sipiriti lofika pakati.
Mulibe chimene chili ndi mphero pakhosi.

Pa fomu yoitanitsira katundu ku boma
ndalemba: mapiritsi a likodzo, mazana awiri.
M'munsi mwake, ndi pensulo,
ndalemba kuti mbaba,
ndayang'ana mpata wa chiwerengero nthawi yaitali,

kenako ndafufuta
asanandiyese wamisala.
Pepala latsala ndi kachipsera.