Kabokosi ka Nambala Imodzi

M'mawa uno nambala yakweranso.
Dzulo inali 11,406, lero awonjezekera atatu,
anthu atatu kwinakwake atchula dzina lanu, Ragnfrid,
m'munsi mwa mapepala awo, ndi tizilembo tonga nyerere,
inu muli gone m'chipatala cha m'mbali mwa phiri
dzanja lamanja litakana pensulo.

Kuno ku Bergen mvula siodira.
Ndabwera ndi makatoni asanu kudzalongedza ofesi yanu
ndipo ndakhala pansi ndisanadzaze ndi imodzi yomwe.

Pakhoma pakadali galafu yanga yoyamba,
ija munaikhoma ndi phini mwadala kuti izindiyang'ana:
mizere khumi ndi iwiri, yofiira, yobiriwira, yopiringizana,
ine ndikuyenda chonyada ngati ndajambula kumwamba.
Munaitana Eskil wa kuchipinda cha makina,
amene maso ake sasiyanitsa kufiira ndi kubiriwira,
n'kumufunsa, Ukuona chiyani apa?
Iye anati, Ndere.
Simunaseke. Munangondipatsa chofufutira.

Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuphunzira kufufuta.

Kenako anabwera makina ophunzira okha.
Tinawadyetsa mbiri za odwala zikwizikwi,
anatafuna usiku wonse akung'ung'udza ngati njuchi,
m'mawa n'kulavula chigamulo: uyu abwereranso, uyu ayi.
Onse anaomba m'manja. Inu munavula magalasi.
Aloze chala, munatero, aloze pomwe ayang'ana,
nzeru yofufuta mapazi ake ndi mphekesera chabe.
Maso a nkhono tinawaona titadekha miyezi isanu ndi iwiri,
tikusenda makinawo ngati anyezi, misozi ndi yomweyo,
mpaka maganizo awo anayalika pa kompyuta,
timadontho tabuluu, timadontho tachikasu,
ndipo manyazi anagwa poyera:
sankamvera mtima, sankayang'ana mapapo,
ankayeza mtunda wa kwawo kwa wodwala.
Anthu a kuzilumba, odikira boti la Lachiwiri,
anali atawasesera pakona ngati nyenyeswa.

Pepala limenelo ndi lomwe amalitchula kwambiri,
ku Daejeon, ku Porto Alegre, ku Tartu.
Ena analiwerenga. Ena, ndikudziwa, anangotola dzina
kwa wina amene anatolanso kwa wina,
ndipo kawiri analemba Haukeness, s mmodzi wapamwamba.
Nambala sisankha, imameza onse.

Koma sabata yatha, nditabwera kudzakuzondani,
namwino wina, Torunn, anaima pafupi ndi bedi lanu
akuyang'ana kagalasi ka m'manja mwake:
mizere itatu basi, wabuluu, wachikasu, wotuwa,
ndi kamthunzi kowonda kosonyeza pomwe makina akukayika.
Kamthunzi kaja n'kanu.
Tinakalimbirana nyengo yonse yozizira
dzuwa likulowa tisanamalize khofi wamasana,
ine ndikuti kakudetsa chithunzi,
inu mukuti makina osavomera kukayika musawapatse wodwala.
Torunn sadziwa zimenezo.
Anangoti, Usiku uno tichepetsako mankhwala,
n'kukukonzerani pilo, n'kupita.
Munandiyang'ana ndi diso lomwe likumverabe,
pakamwa patapendekeka ngati mzere wotsika,
ndipo ndikulumbira, munkafuna kunena
kuti chikasucho achiwalitsa kwambiri.

Ndiye ndilembe chiyani pa fomu ya kuyunivesite
pomwe afunsa kuti ntchito yanu yafika pati?
Kabokosi kake n'kokwana nambala imodzi,
ndipo pofika Lolemba idzakhala itasintha kale.

Ndazula phini.
Galafu ya ndere ndaipinda kanayi, ili m'thumba la jekete.
Pakhoma patsala kabowo,
kadontho kamodzi kopanda dzina, kopanda mzere wokaperekeza,
mtundu wa kadontho kamene munkatiletsa kutaya
tisanakafunse kuti kachokera kuti.
Kudoko boti la kuzilumba likuliza lipenga,
ndipo makatoni asanu akadali kukamwa yasa.