Makina Odikira Chipale

Ndinawatenga m'malo mwa ngongole.
Likoswe analibe ndalama zanga za giyabokosi,
ndiye Lachinayi lina anabwera nawo pa wilibala
kuchokera ku Limbe, kumene kontena inakhuthula
mafiriji akufa, njinga za ana, nsapato zopanda zinzake.
Anati ndi otchetchera kapinga.
Ndinasuzumira kunsi: mpeni palibe,
koma mphira ziwiri zopotana
ndi kachumuni kopinda khosi ngati tsekwe.

Yotamu, mwana wa mlongo wanga, anafufuza pafoni
n'kuseka mpaka kukhala pansi m'fumbi.
Malume, awa ndi okankhira chipale chofewa,
chija chimagwa kunja n'kutsekera anthu m'nyumba.
Mwagulira nsomba ambulera.

Sindinamuyankhe. Ndinamasula kabureta.
Munali phula la petulo wa dziko lina,
wonunkha ngati vanishi wakale.
Kabowo ndinakatsegula ndi kawaya ka buleki ya njinga,
pulagi ndinaikwecha ndi sandipepa,
lamba ndinakam'peza mumsika wa Ndirande
pansi pa mulu wa zitsulo zosadziwika mwini.
Mphira zija zinali zitadyeka mpaka m'nkhama;
ndinacheka tayala la minibasi,
mabowo asanu ndi limodzi, mabawuti obwereka.
Petulo wokha sakumwa, amafuna wosakaniza ndi oyilo.
Ukaiwala, walira.

Ndinakoka chingwe kakhumi ndi kawiri,
phewa likudandaula.
Kenako anatsokomola,
utsi wabuluu tolotolo,
agalu onse a ku Makata n'kuyankha.

Ntchito anaipeza okha.
Loweruka okhoma mabokosi a maliro amandiitana
kuti ndiwachotsere utuchi pakhomo.
Mphira imodzimodziyo imatola, imaponya,
ndipo imakukoka iwe mwini ngati mbuzi yaona msipu.
Mu Okutobala ndi maluwa a jakaranda
pa geti la mayi wina ku Namiwawa.
Miyala sagwirizana nayo:
umodzi unauluka n'kuswa zenera la mlonda,
ndinalipira miyezi iwiri.

Esinati amati,
petulo wogonera pamzere usiku wonse
ukumwetsa chidole?
Sanama.
Koma inenso ndinaphunzira injini za sitima ku Limbe,
zaka zinayi, satifiketi ili m'sutikesi,
lero ndimamata machubu pansi pa mtengo wa mango.
Sindinaonepo wondiseka pamaso.

Ndiye Disembala wathayu, cha m'ma fili,
malata analira ngati wina akukhuthulira chimanga padenga.
Matalala!
Bwalo lonse mbuu, mpaka pa mpopi.
Ndinathamanga wopanda nsapato,
ndinavundukula chiguduli, ndinakoka.
Zii.
Ndinakokanso. Pulagi yanyowa.
Ndinaipukuta ndi malaya, ndinaiuzira, ndinaitukwana,
ana a neba akutola matalala n'kumadya,
Esinati pakhomo, manja m'chiuno.
Mmene injini inkavomera
kuyera konse kunali kutasanduka madzi ofiira
othamangira ku Nasolo ndi majumbo.

Kunatsala kamulu kamodzi kuseri kwa bafa,
kokwana m'mbale ya ndiwo.
Ndinawalunjika pomwepo.
Anameza kamodzi, n'kulavula m'mwamba,
timiyala toyera tikunyezimira pa mpanda wa bulugamu.
Kulira kwake kunasintha, ndikulumbira,
kunatsika, kunakhuta,
ngati munthu wamva chilankhulo cha kwawo mu basi.

Zinatha choncho, kamphindi kosakwana kuphethira kawiri.

Tsopano ndi Juni.
Chiperoni chaphimba phiri la Ndirande,
zala zikukana sipanala.
Ndakhuthula petulo m'thanki kuti asaundane,
ndapaka girisi, ndamangitsa bawuti wa kumanzere
amene amamasuka yekha.
Yotamu akuti pali wina ku Chirimba
akufuna injini yokha, aikire pampu.
Wanena mtengo wabwino.
Ndamuuza abwere mawa.
Mawa ndikhala ndili ku utuchi.