Maperesenti Khumi ndi Awiri

Ndine mlonda pa geti la mosungira feteleza ku Makata,
sikisi madzulo mpaka sikisi m'mawa.
M'kanyumba kanga mulibe soketi.
Muli mpando, tochi, buku la manambala a malole,
ndi foni imene Ndaziona anatumiza pa basi ya ku Joni
ataikulunga m'masokosi awiri.

Mnyamata wa ku Limbe amene anandiikira khadi
analoza pakona pa galasi:
Bambo, mwaiona 4G iyi? Sidikira munthu.
Ija yakale inali minibasi ya pa Wenela,
yoyamba yadzaza kenako inyamuke.
Sananame mnyamatayo.
Anangosiya kunena kuti wothamanga samva kukhuta.

Magetsi akapanda kubwera masana ku Chilobwe
ndimapatukira kwa Che Sumaila,
wa sola padenga, zingwe zili lendelende ngati matumbo pabutchala.
Iye amaidalitsa netiweki yatsopanoyi.
Akuti yamugulira malata asanu ndi atatu.

Naini koloko foni imalira.
Nkhope ya mwana wanga imafika yathunthu,
osati zidutswazidutswa zija
pamene milomo inkayenda lero, mawu n'kudzafika mawa.
Ndimaona chipsera cha pachipumi
chimene anachitenga pa mwala wochapira ku Naperi.
Zaithwa amandionetsa mpata wa dzino lochoka.
Foni imatentha m'dzanja ngati mbatata ya paphulusa,
ndipo ine diso limodzi lili pa mdzukulu,
linalo pa nambala ija ikutsetsereka:
60,
47,
31.

Ngakhale nditaiika m'thumba sigona.
Pakati pa makoma a malata ano
imanunkhizanunkhiza nsanja ya kuphiri,
kuipeza, kuitaya, kuisakanso,
galu wosochera pamsika.

Lachinayi lija inali pa 12.
Ndaziona anatseka chitseko kumbuyo kwake,
anatsitsa mawu:
Ababa, pali nkhani, ya bambo ake a Zaithwa...
Galasi linada bii.
Ndinatsala ndikuyang'ana nkhope yanga yomwe,
chipewa cha kampani, ndevu zaimvi.

Maola asanu ndi anayi ndinaugwira mwala umenewo.
Ndinaupukuta pa malaya, ndinaufungatira m'khwapa
ngati moto ungabwerere chifukwa chopemphedwa.
Lole ya ku Beira inalowa, ndinalemba nambala yolakwika.
Akanabwera akuba usiku umenewo
ndikanaimbira bwana ndi chiyani, mluzu?

Che Sumaila, ngakhale zinali zomudyera msika,
anandionetsa pobisika, mkati mwa mkati mwa foni,
pamene munthu amauza kavaloyu kuti: yenda, usathamange.
Anati: musauze ena.

Usiku wotsatira ndinaimba ndine, mawu okhaokha.
Panalibe nkhope. Panali kupuma kwake,
ndi firiji ikung'ung'udza m'chipinda cha kutali.
Ananena pang'onopang'ono,
anaima, anamina, anayambanso.
Inatenga ola lathunthu nkhaniyo,
ndipo ndikuganiza kuti sakanaimaliza
ndikanakhala ndikumuyang'ana.

Sindidzailemba pano. Ndi yake.

Tsopano liwiro ndimalisungira Lamulungu,
kunyumba, chingwe chili kukhoma,
ESCOM ikatikumbukira.
Pamenepo ndimaimasula, ithamange mpaka ipse,
ndione dzino latsopano likusuzumira.
Masiku enawa timayenda pansi ine ndi iyo,
nkhalamba ziwiri zodziwa kutalika kwa usiku.

Sikisi koloko mnzanga wamasana amafika,
ndimasaina buku, ndimayang'ana pakona:
41.
Yokwanira kufika nayo ku Chilobwe,
yokwanira kuyankha
ngati angaimbenso ndili m'minibasi.