Nkhokwe ya Miyala

Tambala wa kuno amachedwa.
Ndimadzuka iye asanalire, mdima uli bii,
m'kamwa mukufuka ngati ndameza khala.
Jombo zimene anandibwereka
ndi za mwana wawo amene anapita ku Faransa
zaka khumi ndi ziwiri zapitazo.
Zimandikhwepa. Ndimapisamo nyuzipepala.

Dzina langa ndine Ndaziona.
Bambo Abílio analiyesa kawiri, lilime likupunthwa,
kenako anakanda m'chipewa nati: Nando.
Basi, m'mapiri a Apwitikizi muno ndine Nando
mpaka mwezi uthe.

Tsiku lofika ndinaona kanyumba ka miyala pamiyendo isanu ndi umodzi,
mtanda pamwamba, ndere m'mbali.
Ndinavula chipewa, ndimayesa manda.
Mkuluyo anaseka mpaka chifuwa chinamutsamwitsa,
natsegula kachitseko:
chimanga! Chachikasu, chili ndundundu mpaka kudenga.
Anandilozera miyala yaphanthiphanthi pamutu pa mwendo uliwonse,
nayendetsa zala ziwiri, nazigwetsa pansi.
Ndinamva. Khoswe wa kuno ndi wa kwathu
anayamwa bere limodzi.

Ng'ombe zawo n'zazifupi, nyanga kutalika kuposa mkono wanga,
iliyonse ndi belu lake pakhosi.
Ndikatsegula khola zimakwera phiri zokha,
sizifuna mbusa wosadziwa njira.
Yanga ntchito ndi ndowe.
Fosholo, wilibala, ndowe.
Fungo limeneli lokha
silinafune womasulira.

Lachiwiri usiku madzi ndi athu.
Ngalande ndi imodzi, minda ndi yambiri,
aliyense ali ndi ola lake, la agogo ake.
Timapita ndi khasu ndi tochi,
kugamula chibuma apa, kutseka apo,
madzi n'kulowa m'mizere mwakachetechete ngati mkamwini watsopano.
Custódio wa munda wakumtunda anatibera mphindi khumi ndi zisanu.
Anatukwanizana mumdima, madzi akuwadutsa m'miyendo.
Kutacha anali pabenchi imodzi, akugawana fodya.

Mayi Ermelinda amadula ndiwo zamasamba zopyapyala ngati ulusi,
mpeni ukuyenda chala sichikuuyang'ana.
Buledi wawo ndi wa chimanga, wolemera ngati njerwa,
amausindikiza pachifuwa n'kucheka cholozetsa kumtima.
Ndikati ndakhuta amawonjezera.
Ndinawaphunzitsa zikomo.
Tsopano amauza nkhuku akatola mazira,
zikomu, zikomu,
nkhuku n'kumawayang'ana ndi diso limodzi.

Nyumba za m'mudzi muno ndinawerenga makumi atatu.
Utsi umatuluka pa zisanu ndi zinayi.
Sukulu anasungiramo udzu wa ng'ombe.

Dzana Galante sinabwere madzulo.
Mabelu onse analowa, limodzi ayi.
Mimbulu ilipo kuno, anandionetsa chithunzi pafoni.
Tinakwera, nkhungu ili pamaondo, minga ikung'amba buluku,
mkulu patsogolo akuitana, ine pambuyo ndikupuma mwa wefuwefu.
Tinaipeza kuseri kwa thanthwe,
ikunyambita kamwana konyowa, kakunjenjemera.
Ndinakasenza paphewa, kofunda, kolemera,
make akundigunda ndi mphuno njira yonse.

Pakhomo Mayi Ermelinda anali chiimire ndi nyali.
Ataona jombo zija zikutuluka m'nkhungu anakuwa:
Horácio!
Ine ndinayankha.
Palibe anakonza mnzake.
Anandiikira msuzi, natembenukira kumoto nthawi yaitali,
ngati chikuni chikuvuta kuyaka.

M'chipinda cha Horácio netiweki imagwira pawindo pokha.
Pali uthenga wa mawu wa mayi anga,
masekondi makumi anayi, wa Lolemba lapitalo.
Ndikudziwa kale funso lili mmenemo.
Ndaimika jombo pakhomo kuti ziume,
nyuzipepala ndatulutsa, yanyowa, zilembo zasungunuka.
Kukhola belu limodzi likulira pang'onopang'ono.
Ndatsamira pawindo lozizira,
chala chili pamwamba pa batani.