Sefa ya Makalata

Kachipinda kanga kali kuseri kwa maofesi, pa boma la Mangochi,
kopanda zenera.
Fani ikulira ngati bemberezi wotsekeredwa m'botolo.
Kunja a kabaza akulimbirana anthu otsika pa mlatho,
muno ndatsala ine ndi seva,
bokosi lotentha thupi ngati mwana wa malungo.

Imelo iliyonse imayamba yaodira kuno.
Sindiiwerenga ayi, ndimangoinunkhiza.
Ina imabwera itatchena suti:
"Bwana, ndalama zanu zili m'kaphukusika, masulani msanga."
Ina ikulumbira kuti yachokera ku likulu
koma dzina la unduna yalemba mopotoka.
Mpunga udutse, miyala itsale.
Lachiwiri lokha ndinatola miyala mazana atatu.

Wondithokoza palibe.
Ndani amavinira mliri umene sunafike?
A Chikwanje a ku akaunti amangosuzumira pakhomo:
"Iwe Twaibu, makina akowa akudya makalata anga!"
Ndimaseka. Njoka imene ndawaphera dzulo
saidziwa n'komwe mtundu wake.

Koma lero sefa yakola kalata ya Mai Asiyatu,
mlembi wathu wa zaka makumi awiri pa mpando umodzi.
Yachokera ku Joni, kwa mwana wawo Jafali,
amene wakhala chete chilimwe chonse.
Mawu ndi ake ndithu,
Chiyao chosakaniza, moni wa kwa Namwera,
ndi chithunzi cha mdzukulu amene sanamuonepo.
M'chithunzimo, pansi pa kumwetulira kwa khanda,
vayirasi yadzipinda, ikudikira chala.
Jafali sakudziwa.
Anaitola mu kafe ya intaneti
monga munthu atolera chisoso m'thalauza podutsa m'munda.

Ndakhala nayo mpaka azana ya masana.
Magetsi athima, jenereta yatsokomola, yadzuka.
Kenaka ndatenga mpeni wanga wosaoneka,
ndadula kaphukusi, ndalola mawu apite okha.

Abwera akupukuta magalasi ndi nsonga ya mpango.
"Walemba kuti watumiza chithunzi. Chili kuti?"
Ndati, Mayi, chinadwala m'njira.
Muuzeni asambitse kaye makina, atumizenso.
Andiyang'ana nthawi yaitali,
monga ayang'anira namwino wokaniza kulowa mu wodi.
"Koma wamuona iweyo?"
Ndati ayi.
"Basi, tonse tidikira."

Atuluka. Fani ikulirabe.
Pa sikirini yafika ina, yatchena suti.