Ofesi Yanga Ili Pakhonde

Geti la kampani ya thonje linatsekedwa Lachinayi.
Ndimakumbukira chifukwa ndinali nditachapa yunifomu,
inauma pachingwe osadziwa kuti yapuma ntchito.
A Twaibu, mlonda wathu, anandipatsa moni ngati mlendo,
m'thumba mwawo muli kalata yofanana ndi yanga.

Miyezi isanu ndinayenda ndi envelopu yakhaki
kuchoka ku Kaphatenga mpaka pa boma la Salima,
wakabaza akundidikira panja, ine ndikudikira bwana
amene tsiku lililonse anali atangotuluka kumene.
Satifiketi inafewa m'manja ngati ndalama yakale.
"Tikuyimbirani."
Foni inangoti duu.

Italira koyamba anali tsinzinantole:
"Mwasankhidwa pa ntchito ya pa intaneti,
tumizani ya fomu lero lomwe."
Ndinatumiza. Tambala wa mayi anapita choncho,
osalira n'komwe.

Asiyatu, mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 3,
ndiye anandikhazika pansi ngati mwana wa sukulu.
"Amalume, anachotsa inu.
Nanga zala zotayipa malisitizi anazichotsa ndani?"
Anandionetsa potsegula, podina, potumiza,
akuseka mmene ndinkagwirira foni ngati dzira lobwereka.

Tsopano ndimavala mahedifoni pakhonde
n'kumamvera anthu amene sindidzakumana nawo:
mlimi akufunsidwa za mbewu,
mzamba akuwerenga ana amene anawalandira,
dalaivala wolankhula ngati akuthawa apolisi.
Ndimalemba liwu ndi liwu, chifuwa chawo chomwe,
pa laputopu yakale imene batani lake la "a"
limafuna kulipempha kawiri.
Tangoganizani, Chichewa chopanda "a"!

Abwana anga sindinawaonepo.
Mwina ndi mayi, mwina ndi mnyamata woti ndingamubereke.
Amadzuka ine ndikugona.
Malipiro safola pawindo, sasayinitsa,
foni imangonjenjemera m'thumba
ine ndili pamzere wa kuchigayo.

Musandione choncho, si zonse uchi.
Magetsi akathima ndimathamangira kwa Bwanali wometa
kukapempha sola yake, tsitsi la anthu likundigwera pamapazi.
Bandulo imatha pakati pa chiganizo.
Netiweki inasankha kukhala pansi pa bwemba wa kuseri
pamene nyerere zinachita lendi kalekale.
Ndipo pali masabata amene kulibe chobwera,
ndimatsegula, n'kutseka, n'kutsegulanso
ngati munthu wosuzumira m'nkhokwe yake yomwe
pofuna kuona ngati chimanga chabereka usiku.

Masabata amenewo ndimapita ku Lifuwu.
Ndimagula mpunga, ndimaupeta, ndimaujambula
pa nsalu yoyera, dzuwa lisanakwiye,
chithunzi n'kupita kumene ine sindinafikeko.
Mayi wina wa ku Lilongwe amafuna matumba awiri,
amanenerera mtengo ngati tili maso ndi maso,
kenako minibasi ya m'mawa imanyamula
dzina lake lolembedwa ndi makala.
Wokafikitsa kusiteji ndi a Twaibu, pa njinga yawo.
Amanditcha bwana. Ndimawaletsa. Sasiya.

Mayi samvetsabe.
Kumpingo akafunsidwa kuti mwana akugwira kuti,
amati, "Ali pakhomo, amangoyang'ana galasi,"
mawu ali pansi ngati akunena za matenda.
Koma mankhwala awo a BP mwezi uno
anachokera m'galasi lomwelo,
ndipo ndawaona dzulo akuthamangitsa nkhuku
kuti zisasokose, "mwana ali pa ntchito."

Penshoni ndilibe. Tchuthi ndilibe.
Ndikadwala, ofesi yonse yadwala.
Sindikudziwa ngati ntchito yomverayi
makina sadzandilanda mawa monga anachitira ena.
Asiyatu akuti tidzaphunzira china.
Amanena mopepuka, ngati kusintha ndiwo.

Ndikadutsa pa geti lija ndimaona udzu
utamera pamene tinkaimika njinga.
Yunifomu ndikadali nayo:
madzulo ndimafunditsa laputopu
kuopa fumbi la Salima.